Masamba pa Mustang ya Malume

Malume Manfred anandilonjeza ndikadali kamtsikana kovala masokosi ofika m'mawondo. Anati ndikadzamaliza sukulu, ku Debs sindidzapita pa basi. Debs ndi dansi ya omaliza sekondale kuno ku Ireland: atsikana madiresi okwekwa pansi, anyamata masuti, msewu wonse kutuluka kudzajambula.

"Iwe udzapita pa Mustang," anatero. "Udzakhala kumbuyo ngati mkazi wa nduna, ine ndikuyendetsa."

Nthawi imeneyo Mustang inali chigoba chabe. Anaigula kwa kontilakitala wina amene bizinesi yake inagwa chaka chija ntchito zomanga zinaima m'dziko muno. Inali galimoto ya ku America ya 1968, ya zitseko ziwiri ndi mphuno yaitali, ndipo inabwera pa lole, matayala ali ophwa, mkati mukununkha makoswe. Tinkakhala ku Crumlin, m'nyumba ya lendi yokhala ndi garaja yopapatiza pambali. Amayi anga, a Agatha, ankasamalira okalamba kuchokera m'mawa mpaka madzulo. Malume, mlongo wawo, anali makaniko ku Tallaght, koma akaweruka mtima wawo wonse unkathera pa Mustang.

M'garaja muja Chingerezi chinali choletsedwa. Ine ndinabwera kuno ndili ndi zaka eight, ndipo Chichewa changa chikanathawa ngati cha anzanga pakanapanda garaja ija. "Patse sipanala ya half inch. Iyayi, usandiyankhire m'mphuno ngati mzungu," ankatero Malume. Ndinaona injini ikuphwasulidwa mpaka kabawuti komaliza n'kumangidwanso. Anaika mabuleki atsopano a disiki, anawotcherera pansi pomwe panadyeka ndi dzimbiri, kenako anaipenta yofiira moderako ngati vinyo wa pa Misa.

Chinthu chimodzi chokha chinkawasowetsa mtendere. Chiwongolero chinali kumanzere, monga mwa galimoto za ku America.

"Kwathu ndi kuno komwe, dalaivala amakhala kumanja," ankatero. "Mwana wa mlongo wanga ndimuyendetse nditakhala mbali ya kondakitala? Anthu adzati chiyani?"

Anaboola dashibodi mbali ya kumanja, anatalikitsa njanji za mpando wa kumanja kuti miyendo yawo yaitali ija idzakwane, ndipo zitsulo zosamutsira chiwongolero zinafika m'katoni. Katoniyo sanaitsegule. Mu February anagwa ali pantchito, mtima, ndipo ambulansi isanafike anali atapita.

Amalawi anasonkha kuti thupi lipite kumudzi. Amayi sanathe kupita nalo. Bokosi linachoka pa vani yoyera yopanda chizindikiro chilichonse, kupita kumene amakwezera katundu ku eyapoti, ife tinangouzidwa pa foni kuti lanyamuka. Tsiku lomwelo Amayi anakhoma garaja. Anati katundu wa malemu sakhudzidwa mpaka akuluakulu kumudzi atakhala pansi, chiliza chitamangidwa. Kuyambira pamenepo akamadutsa pa chitseko cha garaja ankatembenuzira nkhope kumsewu.

Koma landilodi sadikira chiliza. Mu June, ndikulemba mayeso omaliza, anabwera kudzanena kuti nyumba wagulitsa, tichoke pakutha pa August. Amayi anayenda Dublin yense. Nyumba iliyonse ya lendi inali ndi mzere wa anthu mpaka pageti, ena atanyamula ana, ena atavala masuti ngati akukafunsira ntchito. Chomwe tinapeza ndi chipinda chimodzi ku Santry, kwa mayi wina wa ku tchalitchi. Za garaja musachite kufunsa. Landilodi anati chilichonse chimene sichiyenda chokha adzaitanira a sikirapu.

Debs yathu inali Lachisanu lomaliza la August.

"Amayi, ndipatseni kiyi," ndinatero.

"Dainess, uli ndi makutu koma?"

"Ndiye aiphwanye? Zaka zonse zija Malume akugona pansi pa galimoto, a sikirapu adzaipinde ngati chitini cha nyemba?"

Amayi anatulutsa kiyi m'kabokosi ka korona n'kuiika pa tebulo, osati m'manja mwanga. "Ine sindinakutume. Ndipo usandiitane kuti ndidzaone."

Ndinaimbira Fredson. Iyeyu ankaphunzira umakaniko kwa Malume ku Tallaght, mnyamata wamanyazi wa nsidze zazitali zimene Mulungu akanayenera kupatsa mtsikana. Anabadwira ku Lusaka, anabwera kuno ali wamng'ono kuposa mmene ndinabwerera ine, ndipo Chinyanja chake chinkaseketsa Malume mpaka kutsokomola. Ndinali nditamukwatira kale kambirimbiri m'mutu mwanga, tili ndi nyumba yoyang'ana kunyanja ku Howth, koma iye sankadziwa.

Anazungulira galimoto, anasuzumira pa bowo la dashibodi, anatsegula katoni ya zitsulo n'kuimba mluzu.

"Manje iwe, kusamutsa steering ni nchito ya myezi. Ba Manfred beka ndiye benze kuziba mwamene bafunira."

"Ndiye isiye kumanzere konko."

"Sibangakondwe."

"Fredson, ine ndikufuna iyende. Iyende basi. Kumanzere, kumanja, ngakhale padenga."

Anaseka, koma asanatseke katoni ija anaigwira kaye ndi chikhato ngati akupepesa. Bowo lija tinalitseka ndi kachikopa kakuda. Ndinamupatsa kiyi yachiwiri kuti azilowa ndikakhala kulibe.

M'mawa mwake nditatsegula garaja ndinapeza nthambi ziwiri zobiriwira zitatsomekedwa pa bampala ya kutsogolo, ina mbali iyi, ina mbali iyo. Zinali zothyoledwa kumene, mame akadali pa masamba. Ndinamuona m'maganizo Fredson akutsika pa njinga yake popita ku ntchito, akuyang'ana uku ndi uku, akuthyola nthambi pa mpanda wa neba chifukwa maluwa a m'shopu angamuchititse manyazi. Mnyamata wina akanatumiza kamtima pa foni. Wangayu ankalankhula ndi masamba.

Madzulo atabwera anaziyang'ana nthambi zija, anandiyang'ana ine, n'kumwetulira. Inenso ndinamwetulira.

Zinkabwera m'mawa uliwonse, zatsopano, zadzulo zitachotsedwa. Ndinkathyolako tsamba limodzi n'kuliika m'thumba la jinzi, tsiku lonse n'kumaligwiragwira.

Chinkandivuta ndi mpando wa kumanja. Madzulo ndinkaukokera kutsogolo kuti ndizitha kulowa kumbuyo kukapukuta zikopa, koma m'mawa ndinkaupeza utabwerera mpaka kumapeto kwa njanji, pamene Malume anayezera miyendo yawo. Fredson anati sipuling'i yatopa, anaika ina. Mawa lake mpando unali kumbuyo. Anati garaja ndi yotsetsereka. Ndinaika botolo pansi kuti tione, silinagubuduke.

Tsiku lina masana, dzuwa likulowa pa kawindo ka garaja, ndinakhala kumbuyo kuyeserera mmene ndidzakhalire. Munali zii. Kenako ndinamva chikopa cha mpando wa kumanja chikulira pang'onopang'ono, mmene chimalirira munthu wolemera akamakhazikika. Fungo la maswiti a minti, amene Malume ankabudula atasiya fodya, linadzaza galimoto. Ndinatulukira mbali ya kumanzere, n'kukaima panja mpaka Fredson atabwera. Sindinamuuze. Akanati tisiye, ndipo masiku anali kutha.

Panja pomwepo ndi pamene anandipeza agogo a Lily, neba wathu wachizungu, amene nthawi zina ankandiitana dzina la mwana wawo amene anapita ku Australia. Analoza mpanda wawo ndi ndodo.

"Uwauze amalume ako asiye kundithyolera mpanda," anatero m'Chingerezi. "M'mawa uliwonse! Ndimawaona pa windo."

"Agogo, ameneyo ndi Fredson."

"Wamtali uja, wa ovolosi yabuluu."

Fredson si wamtali, koma ovolosi yake inali yabuluu, ndipo agogo a Lily sabata yomweyo anali ataika ketulo mu firiji. Ndinawalonjeza kuti ndiwauza.

Injini inalira kutatsala masiku ochepa. Inayamba ndi kutsokomola, kenako inabangula, malata a garaja ananjenjemera, masipanala anavina pa khoma. Ndinamukumbatira Fredson girizi ndi girizi yemwe. Abwana ake anatibwereka manambala a ku garaja kwawo kuti tiyende pamsewu, ndipo abambo mfumu a ku parishi yathu anavomera kuti ikatuluka izikagona kuseri kwa holo ya tchalitchi.

Lachisanu lija nyumba inali makatoni okhaokha. Ndinavalira pa galasi loyedzamira khoma. Diresi langa linali loyera ngati mkaka, lalitali mpaka pansi. Nthambi za m'mawa umenewo zinali zazikulu kuposa zonse, ndipo ndinazimanga bwino pa bampala ndi riboni yotsala ku diresi kuti zisagwe panjira. Cha m'ma five Fredson anafika atavala suti yobwereka, atanyamula maluwa oyera. Anaitulutsa Mustang pang'onopang'ono mpaka pageti. Kwa nthawi yoyamba dzuwa linaiona.

Amayi anali atapempha kuweruka msanga kuti adzandijambule. Podikira ndinalowa kumbuyo, kuseri kwa mpando wa kumanja, ndinayala diresi, ndinatsamira mutu, maluwa pachifuwa. Ndinatsinzina kuti ndione bwino mmene atsikana a m'kalasi mwathu adzatsegulire pakamwa.

"Mayo ine! Mayo mwana wanga ine!"

Ndinadzidzimuka. Amayi anali pakati pa msewu, chikwama chili pansi, malalanje akugubuduka, manja ali kumutu. Anathamanga n'kumenya galasi ndi zikhato. Nditagwedezeka anagwada pansi pomwepo.

"Amayi, n'chiyani? Anthu akuona!"

"Waika masambawa ndani?" Mawu awo anali ngati a munthu wina. "Ndani waika?"

Ndinatuluka, nkhope ikutentha. "Ndi Fredson. Amangondiikira, si nkhani."

"Ine?" Fredson anatsegula maso. "Sinine. Nenze kuganiza ni iwe, Dainess. Nenze kuti ni vokongoletsa va atsikana."

Tinayang'anana. Kutsidya kwa mpanda, agogo a Lily anali pa windo, akugwedeza mutu ngati munthu amene wanena kale.

"Ana inu," anatero Amayi. "Ana okulira m'chisanu inu. Kwathu galimoto ikamanga masamba kutsogolo ndiye kuti yanyamula maliro. Anthu amapatuka, a njinga amatsika, azibambo amavula zipewa. Ndiye ine ndikhote pakona, ndione masamba, ndione iwe m'nsalu yoyera, maso otseka, maluwa pachifuwa?"

Ndinathamangira ku bampala kuti ndizizule. Anandigwira dzanja mwamphamvu mpaka chibangili chinandilowa m'khungu.

"Usayerekeze. Masamba sachotsa ulendo usanathe. Yatuluka kale pageti iyi. Ikapanda kunyamula mwini wake, isankha yokha womunyamula."

"Amayi, chakudya chikuyamba seven. Anzanga akujambulitsa pano."

"Achimwene anapita ku eyapoti ngati katundu wa m'sitolo. Popanda tsamba, popanda nyimbo, popanda wowaperekeza. Ine ndinkayesa akwiyira zitsulo zawo. Kani akufuna ulendo wawo."

Analowa m'garaja imene anailumbirira ija, n'kutuluka ndi ovolosi ya Malume ndi majombo awo. Anapinda ovolosi bwinobwino n'kuiika pa mpando wa kumanja, majombo pansi pake. Anamasula chitenje chimene ankasunga m'chikwama n'kundifunditsa pamapewa kuti choyera chisaoneke.

"Fredson mwanawe, yatsa magetsi. Usathamange."

"Tiyenda kuti, Mami?"

"Ku eyapoti. Kudzera m'tauni, anthu awaone."

Ndinalowanso pamalo panga ndikulira ndi mkwiyo, penti ya m'maso ikuyenderera. Amayi anakhala kuseri kwa Fredson. Tisanafike ndi pa ngalande ya m'tauni pomwe anali atayamba nyimbo ya maliro ya kwathu, chapansipansi, ndipo injini inkaoneka ngati ikuwayankha.

Sindinaionepo Dublin ikuyenda pang'onopang'ono chomwecho. Makina okwezera zitsulo ataima pamwamba pa nyumba zatsopano, matenti awiri m'mbali mwa ngalande, mayi wina atakhala pa masitepe a hotela ndi ana ovala mapijama dzuwa likadalipo. Foni yanga inkangonjenjemera pa ntchafu, anzanga akufunsa kuti ndili kuti. Magalimoto anandandalika kumbuyo kwathu, koma palibe analiza hutala.

Titawoloka mtsinje, mkulu wina wachizungu amene anaima pa siteji ya basi anavula kapusi n'kuchita chizindikiro cha mtanda. Mkwiyo wanga unazima ngati kandulo. Iyeyo za masamba anazidziwira kuti?

Pa maloboti a ku Drumcondra tinaima pafupi ndi galimoto ina. Kamwana kamene kanali kumbuyo kanamata nkhope pa galasi. Sikanayang'ane ine, sikanayang'ane Fredson. Kanayang'ana mpando wa kumanja, m'mwamba ndithu, pamene pangakhale mutu wa munthu wamtali, n'kuseka, n'kubayibitsa.

"Mami," anatero Fredson, osatembenuka. Thukuta linali litanyowetsa kolala ya shati yake. "Steering yapepuka. Monga siine neka."

"Gwira basi, usalimbane nawo."

Titadutsa Santry, indiketa inayamba kulira Fredson manja onse ali pa chiwongolero. Tinakhotera mu kamsewu kodutsa m'mbali mwa waya wa eyapoti, pamene anthu amaima kuonerera ndege. Tinafika pamalo opanda galimoto ina, ndipo injini inazima yokha, mofatsa, ngati munthu amene wamaliza kulankhula.

Fredson anatuluka, anapinda mpando wake, Amayi anatuluka. Ine ndinati ndiwatsatire, koma china chake chinandikoka. Mpando wa kumanja unali utabwerera mpaka pa mawondo anga, sindinaumve n'komwe, ndipo njanji yake inali italuma mpendero wa diresi langa. Ndinakoka. Fredson anatsegula chitseko cha kumanja, anakoka kachitsulo komasulira, anakankha ndi phewa mpaka suti inang'ambika kukhwapa. Mpando unali ngati auwotcherera.

Amayi anagwada pa udzu pafupi ndi chitseko chija.

"Achimwene, tafika. Takuperekezani mochedwa, mutikhululukire. Kunja kuno zinthu zimatipitirira. Nyumba ija atilanda, galimoto yanu ikagona ku tchalitchi, palibe aiphwanye. Mwanayu musiyeni."

Palibe chinasintha. Fungo la minti linakula mpaka maso anga anayamba kuwawa. Kenako kiyi, imene Fredson anaisiya pa bowo lake, inagwedezeka, ndipo injini inatsokomola kamodzi. Kumpando wa dalaivala kunalibe munthu. Kutsogolo kwathu kunali waya, kuseri kwake msewu wautali wa ndege.

Apo m'pamene ndinamvetsa. Malume sananamepo kwa ine, ngakhale pa kanthu kakang'ono. Ankati akabweretsa chipisi, ankabweretsa ngakhale kugwe matalala. Ulendo wawo unali utatha, koma panatsala lonjezo, ndipo anali okonzeka kundiyendetsa mpaka kumene iwo ankapita.

Ndinavula chitenje chija, ndinakhala tsonga, ndinayala diresi.

"Malume," ndinatero. "Tandionani. Ndavala diresi, ndakhala kumbuyo. Mwandiyendetsa tauni yonse ngati mkazi wa nduna, mutakhala kumanja, anthu akuvula zipewa. Palibe mtsikana wa m'kalasi mwathu amene wayenda chonchi. Mwakwaniritsa, Malume. Kotsalaku andifikitsa Fredson. Amayendetsa ngati nkhalamba, koma andifikitsa."

Ndege ina inadutsa pamwamba pathu, galimoto yonse inanjenjemera. Phokoso litatha ndinamva kuti kwee, mpando ukuyenda wokha pa njanji mpaka kutsogolo, n'kugogoda. Mpendero wa diresi unagwa pa phazi langa, uli ndi mzere wakuda wa girizi. Fungo la minti linatuluka pa chitseko ngati utsi.

Amayi anamasula riboni, anachotsa nthambi zija n'kuzigoneka pa udzu m'mbali mwa waya, nsonga zitaloza ku ndege. Ovolosi ndi majombo anazikulunga m'chitenje n'kuzifungata ngati khanda. Anati tiwasiye pa siteji ya basi ku Santry, akufuna akhale okha.

"Pitani," anatero potsika. "Iwe Fredson, dzanja lako likhale pa giya."

"Mami!"

Ku Debs tinafika anthu atamaliza kudya. Panja panalibe wotiona kupatula mlonda wa pageti, amene anazungulira Mustang kawiri akugwedeza mutu. Ndisanatsike, Fredson anathyola tsamba pa maluwa anga n'kundipatsa.

"Sembe naziba kuti ukonda masamba," anatero.

"Usadzayerekeze," ndinamuyankha, koma ndinalitenga.

M'mawa mwake tinkakweza makatoni mu vani. Garaja inali yotsegula, yopanda kanthu kupatula banga la oyilo pansi ndi katoni ya zitsulo zosamutsira chiwongolero, imene Fredson anati aitenga, adzamaliza ntchitoyo ngakhale imutengere chaka. Agogo a Lily anali pa mpanda wawo, akusisita malo othyokathyoka aja.

"Amalume ako lero sanabwere," anatero. "Ndawadikira pa windo. Apita ku holide?"

"Apita kwawo, agogo."

"Chabwino," anatero. "Mpanda wanga upume."